Kujambula anthu otchena ndi penti wa mafuta muli panja

Tsiku la chinkhoswe pa Kamwendo, kapena Lamulungu anthu akamatuluka m'tchalitchi ku Guillime, njira imadzaza zitenje, maduku ndi masuti. Kutchena kotereku nkoyenera kukhala pakhoma mpaka adzukulu adzakuone. Eugène Boudin wa ku France anatchuka ndi zithunzi zotere m'zaka za m'ma 1860, pojambula anthu otchena pagombe la Trouville. Nanu mungathe.

Konzekerani dzulo lake. Dulani kathabwa ka plywood kosaposa kope la sukulu, kakwecheni ndi sandipepa, kenaka pakani penti woyera wa PVA kawiri. Mitundu isanu ya penti wa m'machubu ikukwanani: woyera, wachikasu, wofiira, wabuluu ndi wakhofi. Tengani maburashi atatu, nsanza, turpentine ndi mbale yakale yosakanizira.

Mukafika, yambani mwapempha eni mwambo. Akavomera, khalani pamthunzi wa mango kuti dzuwa lisawombe pathabwa. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, osapitirira maola awiri, chifukwa dzuwa likasuntha mithunzi imasintha.

Chinsinsi chagona apa: musathamangire nkhope. Anthu sangakuimirireni. Tsinzinani pang'ono, muone gulu ngati zigamba za mitundu. Yambani ndi penti wosungunula ndi turpentine, mulembe nthaka yofiira, mitengo ndi mthunzi. Pamwamba pake ikani penti wokhuthala: mzere umodzi wa buluu ndi chitenje, kadontho koyera ndi duku, kakuda pansi ndi nsapato. Maluwa a pachitenje musawawerenge, madontho atatu akwana. Chimene chimadziwitsa munthu ndi kaimidwe kake, momwe mayi wapendeketsera duku kapena bambo wagwirira jekete paphewa. Zoyera zowala muziike pomaliza.

Mu Ogasiti, anthu akamadutsa pa Mwami kupita ku mwambo wa Kulamba ku Katete, mphepo imanyamula fumbi lomwe limamatira pa penti. Fulatirani mphepo, ndipo mukamaliza ikani chithunzi m'katoni chosakhudza chivindikiro. Kunyumba chiimikeni pamthunzi podutsa mpweya kwa sabata kapena kuposerapo.

Nsanza zonyowa ndi mafuta muziyanike panja, musaziunjike, chifukwa zimatha kuyaka zokha. Turpentine akhale kutali ndi ana komanso moto. Chithunzi chikauma, kaonetseni eni mwambo. Akachikonda, ukwati wotsatira adzakuitanani okha.