PHUNZIRO: EDGAR NIXON, WANCHITO WA PA NJANJI

Mwezi uno tiphunzira za munthu wa ku America, dzina lace Edgar Daniel Nixon, amene anatumikira pa njanji zaka 41. Ambiri a inu munamva mbiri ya Martin Luther King ndi ya Mai Rosa Parks. Koma wa pa njanji uyu, amene anasenza nao mlandu umodzi, akumdziwa ndi owerengeka. Tifuna kuona cinthu cimodzi m'moyo wace, ndico ici: nchito imene inamcotsa pakhomo masiku ambiri ndiyo yomwe inampatsa mphamvu ya kutumikira kwao.

Anabadwa pa 12 July, 1899, m'dziko la Alabama. Atate wace anali mlaliki wa mpingo wa Baptist. Amace anamwalira iye akali mwana, ndipo analeredwa ndi abale. Sukulu anangoilawa, pakuti masiku ace onse a m'kalasi sanakwane zaka ziwiri. Atakula analowa nchito ya kusunga akatundu pa siteshoni ya mudzi wa Montgomery, ndipo m'caka ca 1923 analembedwa ndi kampani ya Pullman, imene inali ndi ngolo zogonamo a ulendo pa sitima za pamtunda.

Tiyenera kuizindikira bwino nchito imeneyi. Otumikira m'ngolozo anali anthu akuda, ndi ogonamo ocuruka anali azungu. Wotumikira anayala makama madzulo, nawayalula m'mawa. Ananyamula akatundu, napukuta nsapato usiku eni ace ali m'tulo, nayankha belu nthawi iri yonse. Masiku amenewo anayenera kukwanitsa maora 400 pa mwezi, kapena mamailosi 11,000, kuti alandire malipiro ace onse. Cakudya, zobvala za nchito, ngakhale mankhwala opukutira nsapato anagula ndi ndalama zace. Ndipo banja lace linadalira timphatso ta a ulendo. Cinanso cowawa mtima, a ulendo ambiri sanafunse dzina la wowatumikira, koma anaitana onse "George," potsata dzina la George Pullman, mwini woyamba wa kampaniyo. Taganizani, munthu wamkulu, mwini mbumba, kuitanidwa zaka ndi zaka ndi dzina la bwana wace!

Koma m'nchito yowawayo munali mphatso zobisika. Sitima inamtengera Nixon ku midzi yakumpoto, monga Chicago, kumene anaona ndi maso ace kuti malamulo olekanitsa akuda ndi azungu sanali ofanana ponse ponse. Anamvanso kulankhula kwa A. Philip Randolph, amene m'caka ca 1925 anatsogolera kuyambika kwa cigwirizano ca otumikira m'ngolo, cochedwa Brotherhood of Sleeping Car Porters. Cigwirizanoco cinalimbana ndi kampani zaka 12, kufikira m'caka ca 1937 anapangana, ndipo maora anatsika kufika pa 240. Umo ndimo munali sukulu yeniyeni ya Nixon: anaphunziramo kuitana msonkhano, kusonkhetsa ndalama ndi kuziwerengera, ndi kupirira pa mlandu wocedwa kutha. Ndipo popeza malipiro ace sanacokere m'manja mwa azungu a ku Montgomery, iwo sanathe kumuopsa msanga ndi kumcotsa nchito, monga anaopsera aphunzitsi ndi anchito a m'nyumba zao.

Pano tiime pang'ono. Alipo ambiri oyenda maulendo amene aona zabwino za kwina, nabwera kudzanyoza kwao. Ena sabweranso konse. Nixon akadatha kusamutsa banja lace kunka kumpoto, monga anacitira akuda ambirimbiri a m'zaka zimenezo, ndipo sitingawatsutse iwo amene anatero. Koma iye anakhala. Akuru anati, kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mkazi wace woyamba anamwalira m'caka ca 1934, namsiyira mwana wamwamuna wamng'ono. Pambuyo pace anakwatiranso, ndi mkazi waciwiriyo anasenza naye zoopsa zonse zimene tidzanena. Potsika sitima, masiku ace opumula anathera pa mirandu ya anansi. Anatsogolera nthambi ya cigwirizano cija ku Montgomery, ndi nthambi ya bungwe la NAACP, loimira akuda pa mirandu, limene Mai Parks anali mlembi wace. M'caka ca 1944 anatsogolera anthu ngati 750 kunka ku nyumba ya boma kukapempha kuti alembedwe m'buku la oponya voti.

Tsopano tifike pa masiku asanu amene anaonetsa mtima wace. Lacinai, pa 1 December, 1955, Mai Parks anakana kupatsa mzungu mpando wace m'basi, ndipo anamangidwa. Nixon anaimba lamya kupolisi, koma sanamuuze mlandu. Cotero anapempha Clifford Durr, mzungu wodziwa malamulo, kuti awafunse ndiye. Madzulo omwewo anapita pamodzi kukamturutsa maiyo, ndipo cikole cimene Nixon anaika ndico nyumba yace. Musacipepule cinthu ici, abale. Nyumba ya munthu woyala makama a ena imangidwa ndi tulo tosagonedwa. Ndiyo mthunzi wa mkazi ndi colowa ca mwana. Ena anganene kuti wokonda banja lace sakadatero. Ife tiyesa kuti iye anaona patali koposa: mkazi wace ndi mwana wace anali pansi pa lamulo lomwelo limene linamanga Mai Parks, ndipo khoma la nyumba silikadawachinjiriza.

Usiku womwewo Mai Jo Ann Robinson ndi anzace anasindikiza timapepala touza akuda kuti asakwere basi Lolemba. M'mamawa Lacisanu Nixon anaimbira abusa lamya mmodzi mmodzi, mwa iwo Ralph Abernathy ndi King, kuti asonkhane madzulo m'calici ca King ca pa Dexter Avenue. Anauzanso nkhaniyo mtolankhani wa Montgomery Advertiser, ndipo inaturuka Lamulungu, niwanda mudzi wonse. Koma taonani, pa msonkhano umene anauitana yekha iye panalibe, pakuti nthawi ya sitima inakwana, ndipo ananka ku nchito yace.

Lolemba, pa 5 December, anali atabwera. Mabasi anayenda opanda akuda, ndi Mai Parks anaweruzidwa kulipira madola 14. Masana atsogoleri anasonkhana, ndipo ena mwa abusa anafuna kuti nchitoyo icitike mobisa, maina ao asadziwike kwa azungu. Pamenepo Nixon anaimirira, nawadzudzula kolimba cifukwa ca mantha ao, nawakumbutsa akazi osauka ocapa zobvala amene anawadyetsa zaka zonse. Wosatha sukulu anacititsa manyazi ophunzira. King, mnyamata wa zaka 26, anayankha kuti iye sali wamantha, nasankhidwa kukhala mtsogoleri. Nixon anasankhidwa msungi wa cuma.

Kukana mabasiko kunatha masiku 381. Pa 30 January, 1956, adani anaponya bomba pa nyumba ya King, ndi pa 1 February pa nyumba ya Nixon, yomwe ija ya cikole. Iye sanaleke, m'maulendo ace anapempha thandizo kwa zigwirizano za anchito, kuti magalimoto onyamula anthu oyenda pansi asaime. M'mwezi wa November bwalo lalikuru la dziko linagamula kuti kulekanitsa anthu m'mabasi nkosaloleka, ndipo mu December akuda anakweranso, nakhala pa mpando uli wonse.

Sitibisa kuti m'mtima mwace munatsala cironda. Anaona kuti ulemu wonse unanka kwa abusa ndi ophunzira, ndi kuti iye anayesedwa wosadziwa kanthu. Ndipo m'caka ca 1957 anatula udindo wace wa cuma. Kudandaula kumeneko anakhala nako zaka zambiri, ndipo sitinganene kuti kunalibe cifukwa. Anapitirira kuyala makama m'sitima kufikira 1964. Atapumula pa njanji anayang'anira masewero a ana m'nyumba zimene boma linamangira osauka ku Montgomery konkuja. Anamwalira pa 25 February, 1987, ali ndi zaka 87, ndipo sukulu ina ya ana m'mudzimo inachedwa dzina lace.