Kusankha zida zophera salimoni pa maboti a hayala

Asodzi anzathu, alendo ena ofika m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja amafunsa ngati angachite hayala boti kuti akawedze. Akamva kuti mpasa m'Chingerezi amaitcha "lake salmon" amayamba kutchula zida zomwe ambiri a ife sitinazionepo, ndipo mwini boti wosadziwa akhoza kutaya ndalama zambiri pogula zinthu zopanda ntchito kuno. Choncho phunziro la ulendo uno likufotokoza usodzi umenewu komwe kuli kwawo, ku America ndi ku Canada, ndi momwe eni maboti kumeneko amasankhira zida zawo.

Tinene poyambirira kuti mpasa si salimoni. Mpasa ndi m'bale wa sanjika ndi usipa. Dzina lija inapatsidwa chifukwa imakulira m'nyanja n'kumakwera mitsinje monga Bua ndi North Rukuru kukaswana, monga momwe salimoni imachitira kwawo.

Titenge chitsanzo cha nyanja ya Michigan, yomwe kukula kwake ndi pafupifupi kawiri nyanja ya Malawi. Kale munalibe salimoni. Boma la Michigan linathiramo mtundu wa Coho mu 1966 ndi wa Chinook mu 1967, kuchokera kugombe la nyanja yamchere ya Pacific. Cholinga chinali choti zizidya kansomba kotchedwa alewife, komwe kanalowa m'nyanjamo kuchokera kwina n'kuchulukana mopyola muyezo, kotero kuti mu 1967 kanafa kambirimbiri ndi kuwunjikana m'magombe mpaka ku mzinda wa Chicago. Salimoni itakula, anthu anayamba kulipira eni maboti kuti awatengere panyanja kukawedza kwa theka la tsiku kapena tsiku lonse. Amenewa ndiwo maboti a hayala. Kaputeni amabweretsa boti, mafuta, zida ndi nzeru zake. Mlendo amangobwera ndi chiphaso chake chowedzera ndi ndalama. Akaputeni ambiri ku America ali ndi chiphaso chowalola kunyamula alendo osapitirira 6.

Kawedzedwe kake ndi kokoka nyambo boti likuyenda pang'onopang'ono, pa liwiro la makilomita 3 mpaka 5 pa ola, ngati munthu woyenda pansi. Nyambo zimatsatira kumbuyo zikugwedezeka ngati kansomba kovulala.

Choyamba ndi kufikitsa nyambo pomwe pali nsomba

Chinook imakonda madzi ozizira, a madigiri 10 mpaka 12. M'nyengo yotentha madzi apamwamba amafunda, ndiye nsomba imatsikira pansi, nthawi zina mamita 20, nthawi zina 30 kapena kupitirira. Mbedza yongoponyedwa kumbuyo kwa boti loyenda simira kwenikweni, imayandama chapamwamba. Vuto lalikulu la kaputeni lagona pamenepo, ndipo ndalama zambiri za zida zimathera pa kulithetsa.

Chida chodalirika kwambiri amachitcha downrigger. Ndi chokulungira waya wachitsulo chomwe amachimangirira kumbuyo kapena m'mbali mwa boti, chili ndi mkono wotulukira pamadzi. Kumapeto kwa wayayo kuli mpira wa mtovu wolemera makilogalamu 4 mpaka 7. Pafupi ndi mpirawo pali kachopanira, kofanana ndi pegi yoyanikira zovala. Msodzi amatayira nyambo kumbuyo, n'kupanitsa chingwe cha mbedza m'kachopanirako, kenako n'kutsitsa mpira mpaka kuya komwe akufuna. Nsomba ikagwira nyambo, chingwe chimasomphoka m'kachopanira, ndipo mlendo amalimbana ndi nsomba yokha popanda kulemera kwa mtovu.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuziganizira pogula chida chimenechi. China ndi kulemera kwa mpira. Boti likamayenda, madzi amakankhira mpira kumbuyo, waya n'kupendekeka. Kauntala ikhoza kuonetsa kuti waya watuluka mamita 30 koma mpira uli pa mamita ochepera pamenepo. Mpira wolemera umachepetsa kupendekekako, n'chifukwa chake wowedza mozama amasankha wolemera. Chinacho ndi kusankha pakati pa chopukusa ndi manja ndi chamagetsi a batire. Munthu wowedza yekha kamodzi pa sabata chamanja chimamukwanira. Koma kaputeni wa hayala amakweza ndi kutsitsa mpira kambirimbiri tsiku limodzi, uku akuyang'anira alendo ndi chiwongolero. Ife tikuona kuti kwa iyeyu chamagetsi si kunyada ayi, chifukwa waya wosiyidwa m'madzi nthawi yomwe nsomba ikufika paboti ndi umene umadula chingwe. Mayina odziwika a zida zimenezi ndi Scotty, Cannon ndi Big Jon.

Kachopanira nako sikoyenera kukaderera ngakhale ndi kotchipa. Kakamasuka kwambiri, chingwe chimasomphoka chokha ndi mafunde. Kakathina kwambiri, nsomba yaing'ono imakokedwa mtunda wautali popanda wozindikira, mpaka kufa, pamene lamulo likadafuna kuti ibwezedwe m'madzi yamoyo.

Njira zina zilipo. Dipsy Diver ndi kambale kozungulira komwe madzi amakakankhira pansi ndi chakumbali boti likamayenda. Pali chingwe chokhala ndi mtovu m'kati, chomwe chimasintha mtundu pa mamita 9 aliwonse kuti msodzi aziwerenga kutalika komwe wataya. Mitundu 10 imafikitsa nyambo pa mamita 12 mpaka 15. Palinso timatabwa toyandama tomwe timatengera chingwe kutali kumanzere ndi kumanja kwa boti. Zonsezi zimathandiza kumwaza nyambo kuti zingwe zisakolane. Ku Michigan lamulo limalola ndodo 3 pa munthu aliyense, choncho boti la alendo 6 likhoza kukhala ndi zingwe zambiri m'madzi. Aliyense amene anamasulapo khuleya wopiringizana akudziwa kuti kaputeni wanzeru sadzaza zonse.

Popeza zonse zikutsatira kuzizira kwa madzi, akaputeni ambiri amapachika kachipangizo koyeza kutentha ndi liwiro la madzi pafupi ndi mpira uja, kamene kamatumiza manambala paboti. Mphepo ikaomba masiku angapo kuchokera mbali imodzi, madzi ozizira apansi amakwera kufupi ndi gombe lina ndipo nsomba zimasamuka nawo. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Mwera nawo umakweza madzi ozizirirako kummwera kwa nyanja yathu m'miyezi ya June ndi July.

Ndodo, chokulungira ndi chingwe

Apa ndi pomwe boti la hayala limasiyana ndi la msodzi wodziwedzera yekha. Wogwira ndodo ndi mlendo, mwina sanawedzepo chibadwire, mwina ndi mwana kapena gogo. Kaputeni sasankha chida chomwe iye amachikonda, amasankha chomwe chingapirire manja osazolowera.

Ndodo ya pa downrigger imatalika mamita 2.5 kapena kupitirira pang'ono, ndipo iyenera kukhala yofewa, yopindika thupi lonse. Chifukwa chake n'chakuti amaikunga mpaka kuwerama ngati uta. Chingwe chikasomphoka m'kachopanira, ndodo imawongoka mwamphamvu n'kukoka chingwe chomwe chinali lende. Ndodo ya Dipsy Diver imafunika yolimbirako ndi yotalikirapo, mamita 3, poti kambale kaja kamakoka mwamphamvu nthawi yonse. Ndodo za fayibagalasi ndi zolemererako koma sizithyoka wamba mlendo akaziponda kapena kuzimenyetsa m'mbali mwa boti.

Chokulungira chingwe chizitha kusunga mamita 250 mpaka 300. Chinook yaikulu imatha kuthawa ndi mamita 100 ulendo umodzi isanatope. Mu 2021 kufupi ndi Ludington kunagwidwa ina yolemera makilogalamu 21.7, pa boti la hayala, ndipo inaposa zonse zomwe zinalembedwapo m'boma la Michigan. Ina ya mu mtsinje wa Kenai ku Alaska mu 1985 inalemera makilogalamu 44. Nsomba yotere siikokedwa ndi mphamvu. Chokulungira chimakhala ndi buleki yolola chingwe kutuluka nsomba ikakoka kwambiri, ndipo bulekiyo iziterereka bwino osagwiragwira. Ikagwira kamodzi kokha nsomba ili pa liwiro, chingwe chaduka. Pogula, bulekiyi ndi yofunika kuposa kunyezimira kwa chitsulo. Chokulungira chokhala ndi kauntala chimathandizanso. Kaputeni amangouza mlendo nambala yoti aimire, ndipo nyambo imabwerera pomwe nsomba yoyamba inagwirira. Ku British Columbia ambiri amakonda chokulungira chosavuta chonga gudumu, choyenda ndi ndodo yaitali yofewa, koma nsomba ikathawa zogwirira zake zimazungulira mwaliwiro n'kumenya zala za wosazolowera.

Pa chingwe, cha nayiloni chopirira makilogalamu 9 mpaka 14 ndi chomwe chimayenera alendo. Chimatamuka, ndiye mlendo akakoka mwadzidzidzi chimamukhululukira. Chingwe cholukidwa n'chopyapyala ndipo chimamira bwino, koma sichitamuka, choncho mbedza imang'amba pakamwa pa nsomba mosavuta. M'nyanja za Michigan ndi Ontario muli vuto lina. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi tomwe tinabwera ndi sitima kuchokera ku Ulaya timamatirira pa chingwe ngati thonje lonyowa mpaka kutseka timphete ta ndodo. Nyengo yake ikafika, akaputeni amasinthira ku nayiloni yokhuthala yomwe tizilomboto timavutika kuigwira.

Nyambo ndi mbedza

Nyambo zilipo za mitundu itatu: kachitsulo konyezimira kooneka ngati supuni, nyambo ya pulasitiki yonga kanyamayi kapena ntchentche yaikulu, ndi nsomba yeniyeni monga herring yodulidwa kuti izizungulira. Kutsogolo kwa nyambo amakonda kumangirirako kabolodi konyezimira kotchedwa flasher, kotalika masentimita 20 mpaka 28. Kamazungulira m'madzi n'kumawala ngati salimoni ina yomwe ikudya, ndiponso kamagwedeza nyambo ya pulasitiki yomwe payokha siyenda. Kutalika kwa chingwe pakati pa ziwirizi kumasintha magwedezekedwe. Chachifupi chimagwedeza mwachangu, chachitali mwapang'onopang'ono.

Za mitundu, m'masitolo muli yosawerengeka, ndipo yambiri imakola wogula kuposa nsomba. Chenicheni n'chakuti m'madzi mtundu wofiira ndi umene umayamba kuzimirira, pamene wobiriwira ndi wabuluu umaonekabe pansi. N'chifukwa chake wowedza mozama kapena m'bandakucha amasankha yobiriwira, yabuluu ndi yowala mumdima. Kukula kwa nyambo kumatsatira kukula kwa tinsomba tomwe salimoni ikudya nyengo imeneyo. Kaputeni amatumbula nsomba yoyamba n'kuona za m'mimba mwake.

Mbedza siisankhidwa ndi msodzi yekha, lamulo limalowererapo. Ku British Columbia wowedza salimoni ayenera kugwiritsa ntchito mbedza yopanda kamnga kobwerera m'mbuyo, kuti nsomba yosaloledwa ichotsedwe msanga osavulala kwambiri. M'madera ena a boma la Washington amaloledwa kusunga nsomba yokhayo yomwe inaswedwa m'malo oswetsera nsomba. Amaizindikira chifukwa kachipsepse kakang'ono ka pamsana kufupi ndi mchira kanadulidwa idakali yaing'ono. Yomwe kachipsepse kake kali pompo ndi yobadwira mu mtsinje, ndipo imabwezedwa. Motero pa zida za kaputeni pamakhalanso pulaya yophwanyira kamnga, chopimira kutalika kwa nsomba ndi ukonde wovuulira wofewa wosakanda mamba.

Pamakhalanso buku ndi cholembera. Ku Michigan kaputeni wa hayala amakakamizidwa kupereka ku boma chiwerengero cha nsomba zomwe alendo ake apha ndi maola omwe anawedza. Manambala amenewa amagwira ntchito. M'nyanja ya Huron, alewife inatha m'zaka za 2003 ndi 2004, Chinook inasowa chakudya, ndipo usodzi wa hayala m'madoko ambiri unagwa, zida zodula zija zili chikhalire. Poopa zomwezo, maboma ozungulira nyanja ya Michigan anachepetsa ndi theka Chinook yomwe amathira m'nyanjamo kuyambira 2013. Makomiti athu akamalimbikitsa kulemba nsomba zofika padoko, ntchito yake ndi yomweyi.

Nanga mwini boti wa kuno?

Salimoni singakhale m'nyanja ya Malawi. Madzi athu, ngakhale apansi penipeni, satsika madigiri 22, ndipo kupyola mamita 250 mulibe mpweya woti nsomba ipume. Komanso lamulo la zausodzi la 1997 sililola munthu kuthira nsomba yachilendo m'madzi athu popanda chilolezo. Choncho chifukwa chomwe anzathu aja amagulira downrigger, chosaka madzi a madigiri 10, kuno kulibe. Wofuna kugula chida chotere ayambe wadziwa kuti nsomba yomwe akuifuna imayenda pa mamita angati. Ngati ili chapamwamba, ndodo yolimba, chokulungira cha buleki yabwino, nayiloni ndi tizitsulo tonyezimira tofanana ndi usipa n'zokwanira kuyambira.

Zomwe tingatengere osasintha ndi za chitetezo. Boti la hayala kumeneko silinyamuka popanda jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, kuphatikizapo zokwana ana, chozimitsira moto, zoitanira thandizo ndi wailesi yolankhulirana. Mlendo sadziwa mwera, sadziwa kuti nyanja yomwe ili bata m'mawa ikhoza kulusa dzuwa lisanafike pamutu, ndipo moyo wake uli m'manja mwa yemwe walandira ndalama yake. Musananyamule munthu wolipira, fikani ku ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu mukafunse za chiphaso, ndi ku nthambi yoona za maulendo apamadzi kuti boti liyezedwe. Dziwitsaninso komiti ya padoko lanu, makamaka ngati mlendo akufuna kuwedza pa mathiriro a mitsinje nyengo yomwe mpasa ikukwera kukaswana. A ku Cape Maclear akumbukire kuti mamita 100 kuchokera kugombe la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park saloledwa kuponyamo mbedza, kaya ndi ya mlendo kapena ya mwini mudzi.