Makalata a Omvera: Maikolofoni Otsika Mtengo Ojambulira Piyano

Kalata yoyamba yachokera ku Zomba. Bambo wina woimba piyano kutchalitchi walemba kuti: "Tili ndi piyano yeniyeni yamatabwa, yoimirira ija. Ndinayesa kuijambula ndi SM58 imene abusa amalalikira nayo, koma ikumveka ngati ndaifunditsa bulangeti. Ndigule chiyani ndi ndalama zochepa?"

Bambo, SM58 musaiimbe mlandu. A Shure anaitulutsa mu 1966, ndipo ntchito yake ndi mawu a munthu amene waiika pakamwa penipeni. Ndi ya mtundu wa dynamic: m'kati mwake muli kawaya kokulungiza kolemererako, ndiye sikagwedezeka msanga. Pamene piyano ili ndi makiyi 88, kuyambira ku besi yokuya ya 27.5 Hz mpaka kumwamba ku 4,186 Hz, ndipo kukoma kwake kuli pa kamphindi kaja kahamala kamamenya nsambo. Kuti mugwire kameneko mufunika maikolofoni ya mtundu wa condenser, ndipo osati imodzi ayi, ziwiri, chifukwa piyano ndi yotambalala. Kumanzere kumalira kwina, kumanja kwinanso.

Zogulitsidwa ziwiriziwiri zotsika mtengo ndikudziwa zitatu. Behringer C-2 ndiyo yotchipitsitsa. Imajambula bwino ndithu, koma mukamaimba motsitsa mumamva kaphokoso ka "sss" kumbuyo, ndipo makiyi a kumtunda amathwa mopitirira. Samson C02 ili pakatikati. Rode M5, ya ku Australia, mtengo wake umaposa wa C-2 kangapo, koma ndi yoyera, ndipo nyimbo zachisoni zoimba pang'onopang'ono zimatuluka bwino. Ine nditakhala inu, ngati kwaya imaimba limodzi ndi piyano, ndingagule C-2 osadandaula, pakuti kaphokoso kaja kamamira m'mawu a anthu. Koma ngati ndi piyano yokha, pirirani miyezi ingapo mugule M5.

Musanapereke ndalama, pitani mukayang'ane mikisa ya kutchalitchiko. Pezani kabatani kolembedwa +48V. Condenser imadya magetsi amenewo kudzera pa chingwe chake chomwecho, ndipo popanda iwo ili duu! Kakapanda kupezeka, muwonjezere ndalama ya kabokosi kolumikiza ku kompyuta kokhala ndi mabowo awiri, monga Behringer UMC202HD kapena Focusrite Scarlett 2i2.

Kaikidwe nako. Tsekulani chivundikiro cha pamwamba pa piyano, maikolofoni imodzi iloze ku nsambo za besi, inayo ku zing'onozing'ono, motalikira pafupifupi masentimita 30. Mukamva kugogoda kwa mahamala kwachuluka, kokerani piyanoyo kutali ndi khoma muike maikolofoni kumbuyo kwake, kumene kuli thabwa lalikulu lotulutsa mawu. Kumeneko imamveka yonenepa. Ndipo ngati denga ndi la malata, mvula ikangoyamba pakirani zida muzipita kwanu. Condenser imatola chilichonse, ngakhale kulira kwa mpando umene mwakhalirawo.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Mzuzu: "Mwana wanga ali ndi kiyibodi ya Yamaha. Ndimugulire maikolofoni yanji?"

Mayi, musagule iliyonse. Kiyibodi mawu ake ndi amagetsi kale. Gulani chingwe, chichokere pa bowo lotulutsira mawu kumbuyoko, kapena la mahedifoni ngati linalo palibe, chikalowe m'kabokosi ndatchula kaja. Kuloza maikolofoni pa timasipika ta kiyibodi n'kungoitana tambala wa aneba kuti alowe nawo mu nyimbo.

Yomaliza, mnyamata wa ku Chipata akufunsa ngati Audio-Technica AT2020 imodzi ingakwane, popeza kwawo magetsi amathimathima.

Achimwene, AT2020 ndi yabwino, makamaka ngati mumaimbanso ndi pakamwa, koma imodzi ikupatsani piyano yopanda kumanzere ndi kumanja, ndiponso imafuna 48V yomweyo. Pa vuto la magetsilo ganizirani Zoom H1n. Ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, kali ndi maikolofoni awiri opingasana pamutu pake, kamayendera mabatire awiri a AAA, ndipo kamasunga nyimbo pa khadi ya microSD. Musakagoneke pa piyano penipeni, kadzatola kunjenjemera kwa matabwa. Kaikeni pa choimikira pafupifupi mita imodzi kuchokera pa piyano, menyani makiyi mwamphamvu zanu zonse, ndipo tsitsani kagudumu ka voliyumu mpaka kanyali kasiye kuphethira. Mukatero yambani kujambula.