PHUNZIRO LA RAMADHANI: UDINDO WA WOTSOGOLERA BUNGWE LOTHANDIZA MALOVA



M'mwezi uno ambiri amatulutsa Zakaat yao, ndipo makomiti a pa mizikiti amakhala ndi ndalama m'manja. Tsono inu amene mwasankhidwa kutsogolera, mumthandiza bwanji munthu amene wakhala pa ulova zaka zambiri? Thumba la ufa ndi labwino, koma likatha munthu uja adzabweranso pakhomo panu.

Imam Abu Dawud adalemba nkhani ya munthu wina wa ku Madina amene adadza kudzapempha kwa Mtumiki Muhammad (S.A.W.). Mtumiki adayamba wamfunsa zimene adali nazo kunyumba. Kudapezeka nsalu ndi chikho chomwera madzi, ndipo adazigulitsa madirihamu 2. Imodzi adati agulire chakudya cha banja, inayo agulire nkhwangwa. Mtumiki adaikamo mpini ndi manja ake, namtuma kukatema nkhuni zogulitsa kwa masiku 15. Pobwera munthuyo adali ndi madirihamu 10.

Sitikuti aliyense akagwetse mitengo, iai. Tikuti mtsogoleri atengepo malangizo awa:

1. Funsani kaye. Lova aliyense ali ndi kanthu: wina amadziwa kusoka ukonde, wina kupala matabwa, mayi wina kuyanika usipa. Yambirani pamenepo.

2. Musaiwale mimba. Mukapatsa makina osokera munthu amene ana ake agona ndi njala, mawa lomwe akawagulitsa. Chakudya ndi chida ziyendere pamodzi.

3. Perekani chokwanira. Imam Nawawi wa madhehebu a Shafi'i, amene adamwalira m'chaka cha 1277, adaphunzitsa kuti mmisiri wosauka apatsidwe Zakaat yokwanira kugula zida za ntchito yake. Kugawira khamu timakobidi tochepa kumasangalatsa maso, koma sikutulutsa aliyense mu ulova. Kumbukiraninso kuti Zakaat si ngongole. Mukapereka yasanduka yake.

4. Ikani mpini ndi manja anu. Wokhalitsa pa ulova amakhala wamanyazi, ndipo olemba ntchito amamkayikira. Mperekezeni inuyo kwa mwini bwato, kwa mwini galaja kapena kwa telala, mukamuikire umboni. Achinyamata alozereni ku maphunziro a ntchito zamanja amene amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999.

5. Ikani tsiku loonana. Lembani m'buku zimene mwapereka, ndipo tsikulo likakwana kamuoneni. Akagwa, fufuzani chamugwetsa musanamdzudzule.

Pomaliza, chenjezo kwa atsogoleri. Chuma chimenechi ndi amaana. Surat Tawba, ayah 60, idatchula magulu 8 oyenera kulandira Zakaat, ndipo palibe malo a tsankho la chibale kapena la fuko. Woweruza bwino ndi amene amayang'ana kusowa kwa munthu, osati mudzi umene akuchokera. Ndiponso bisani manyazi a wolandira. Musamtchule dzina pa Ijumaa kuti anthu akutameni.

Ntchito ya bungwe lanu idzaoneka pamene amene mudamthandiza chaka chino sadzakhalanso pa mzere chaka chamawa, ndipo tsiku lina, Insha Allah, adzabwera yekha ndi Zakaat yake.

Allah alandire kufunga kwathu ndi zopereka zathu. Ameen.