Ulendo wa ku Myuziyamu ya Chichiri: Mbiri Yathu Tiidziwe Yonse



Phunziro la sabata ino likuchokera pa ulendo umene ife ophunzira a pa yunivesite ku Zomba tinayenda kupita ku myuziyamu ya Chichiri, mumzinda wa Blantyre. Ambirife Chichiri timaidziwa chifukwa cha mashopu, bwalo la mpira la Kamuzu kapena Trade Fair. Koma chapafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale za dziko lino, imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo muli nkhani imene imatikhudza ife Asilamu kwambiri. Mfundo yanga ndi imodzi basi: mbiri yathu tiidziwe yonse, yokoma ndi yowawa yomwe, ndipo tiidziwe ena asanatifunse.

Mmene tinayendera

Tinalipo anthu 17, anyamata 10 ndi atsikana 7. Galimoto ya hayala sitikanaikwanitsa, thumba la mwana wasukulu mukulidziwa nokha. Tinasonkha ndalama kutatsala sabata imodzi, tinasankha amiri wa ulendo monga tinaphunzirira ku madrasa, ndipo mlongo mmodzi anasunga thumba. Iyeyo ndi amene ankalankhula ndi kondakitala n'kulipira za onse pakamodzi. Mukatero nkhani ya chenji sivuta, ndipo mnzanu amene ndalama yamuperewera sachita manyazi pagulu.

Anthu 17 sangakwane m'minibasi imodzi, choncho tinagawikana pawiri n'kugwirizana kuti tikakumane ku Limbe. Minibasi yochokera ku Zomba imadutsa pa Thondwe, Namadzi ndi Njuli isanafike ku Limbe. Pamenepo mumakwera ina yolowera ku Blantyre kudzera mumsewu wa Masauko Chipembere, n'kutsikira pa Chichiri, kenako kuyenda pansi pang'ono. Nyamukani m'mawa ndithu, chifukwa minibasi sinyamuka isanadzaze, kaya inu muli pachangu chotani.

Nkhani ya Swala tinaikambirana tisananyamuke. Kuchoka ku Zomba kufika ku Blantyre sipakwana makilomita 80, ndiye kwa ife otsatira mazhabu a Imam Shafi'i mtunda umenewu sutilola kufupikitsa. Tinangokonza nthawi kuti tikamatuluka m'myuziyamu tikaswali Zuhr yonse kumzikiti ku Limbe tisanakwere yobwerera.

Msewu nawonso umaphunzitsa

Tili pa Namadzi, mnzathu wina amene amaphunzira mbiri anatikumbutsa kuti Magomero ali chapafupi. Mu 1861 David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anakumana ndi gulu la akapolo pamudzi wa Mbame, kufupi ndi pamene pali Blantyre lero, ndipo anamasula anthu 84. Anthuwa ankapita nawo ku Tete, kumene kunali Apwitikizi. Amishoniwo anakakhazikika nawo ku Magomero. Patapita zaka 54, mu January 1915, pa Magomero pomwepo anthu a John Chilembwe anaukira woyang'anira esiteti chifukwa cha nkhanza za thangata. Malo amodzi, nkhani ziwiri: kumasulidwa kwa akapolo, ndi kuzunzidwa kwa anthu akuda pansi pa azungu amene ankadzitama kuti anathetsa ukapolo. Nkhani ya Magomero muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Zimene tinaona

Panja pa myuziyamu pali makina akale: mutu wa sitima yoyendera nthunzi, basi yakale ndi zina zotero. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo isanafike katundu wambiri wolemera ankayenda pamitu ya amtengatenga. Mkati muli zipangizo za makolo athu ndi zigoba za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Ena mwa ife anazengereza pa zigobazo. Amiri wathu anayankha mwachidule kuti kuona chinthu n'kumvetsa tanthauzo lake kwa eni ake si kuchipembedza, ndipo Mchewa amene timakhala naye chipinda chimodzi ku hositelo sitingamudziwe bwino ngati sitifuna n'komwe kumva za makolo ake.

Pamene tinaima nthawi yaitali ndi pa gawo lofotokoza za malonda a akapolo. Mawu akuti goli ambirife timangowamva m'miyambi ndi m'maulaliki. Goli unali mtengo wa mphanda umene ankaulowetsa m'khosi mwa munthu n'kutseka ndi chitsulo kuti asathawe, ndipo ankayenda nawo miyezi. Tili pomwepo mlongo wina wa chaka choyamba anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye eti ndi zoona kuti Asilamu ndi amene ankagulitsa anthu?"

Funso limeneli ambirife takumana nalo, kaya m'kalasi, kaya pa Facebook. Pali mayankho awiri ofulumira. Loyamba ndi kukana: "Amenewo ndi mabodza a azungu." Lachiwiri ndi kuwerama n'kukhala chete ngati wagwidwa ukuba. Onse awiri amachokera pa kusadziwa. Tiyeni tione zimene zinachitikadi.

Zoona zake

Cha m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Iye ndi amene anamutsatira ankachita malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ankawaolotsa nyanja pa zombo, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. Ambiri ankathera ku Zanzibar ndi ku Pemba, kumene minda ya makolovu inkafuna antchito ochuluka. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo anapitirira mobisa. Mafumu ena a Chiyao, monga Makanjira ndi Mponda, analemera ndi malonda omwewa, ndipo pa nthawi yomweyo ndi pamene Chisilamu chinkakhazikika m'midzi yawo. Ku Karonga kunali Mlozi, amene asilikali a Harry Johnston anamugonjetsa n'kumupachika mu 1895. Anthu amenewa ankadzitcha Asilamu, ndipo anagulitsa anthu. Izi sitingazifufute.

Koma nkhani sithera pomwepa. Kumbukirani akapolo a pa Mbame aja: ankapita ku Tete, osati ku Zanzibar. Apwitikizi anatenga anthu ambiri m'chigwa cha Zambezi ndi Shire. Angoni ankagwira anthu pankhondo. Mafumu ena a Achewa ndi Amang'anja ankagulitsa anthu awo omwe posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kumadzulo kwa Africa, zombo za maiko a ku Ulaya zinaolotsa anthu oposa 12 miliyoni kupita nawo ku America. Ndipo Ayao wamba ambirimbiri sanagulitse munthu ngakhale mmodzi. Ena mwa iwo ndi amene anavala goli.

Sindikunena izi kuti tipeze pobisala. Tchimo la mnzako silichapa lako. Ndikunena kuti timvetse chimene chinkayendetsa malondawa: kunja kunali msika wofuna minyanga ndi antchito, kuno kunali mafumu ofuna mfuti. Amene wapeza mfuti ankagwira anzake, amene alibe ankagwidwa, ndiye aliyense ankathamangira kugulitsa kuti asagulitsidwe. Dyera limeneli silinasankhe mtundu kapena chipembedzo.

Tiphunzirepo chiyani?

Choyamba, tisiyanitse chiphunzitso ndi zochita za anthu. Ku madrasa tinaphunzira za Bilal, kapolo amene ankazunzidwa padzuwa ku Makka, Abu Bakr n'kumuombola, mpaka kukhala muadhini woyamba wa Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye. Tinaphunzira kuti limodzi mwa magulu 8 olandira Zakaat ndi la kumasula akapolo, komanso kuti kumasula kapolo ndi dipo la machimo ena. Kugwira mfulu n'kumugulitsa ndi tchimo lalikulu m'Chisilamu. Choncho tikamanena kuti amene ankaotcha midzi n'kumanga anthu m'goli analakwa, sitikunyoza chipembedzo chathu ayi. Tikuwayeza ndi muyeso wa chipembedzo chomwecho.

Chachiwiri, tifunse kuti mbiri analemba ndani. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo Angerezi analengeza ulamuliro wawo kuno mu 1891. Amishoni ndi atsamunda ndi amene anali ndi makina osindikizira ndi masukulu. Makolo ambiri a Chisilamu ankakana kutumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo. Zotsatira zake, kwa zaka zambiri nkhani yathu ankailemba ndi ena, ndipo iwo ankalemba zimene zinkawakhudza. Zambiri zimene analemba za ukapolo ndi zoona. Koma ndi angati mwa ife amene angafotokoze za Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda kapena Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene ankayenda midzi ndi midzi kuphunzitsa ndi kutulutsa mashehe ena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900? Iwo sanafalitse Chisilamu ndi mfuti. Anachifalitsa ndi ubao ndi inki. Ngati sitiwadziwa, ndiye kuti munthu akatchula Jumbe ife tilibe dzina lina loti titchule.

Chachitatu, myuziyamu iliyonse imaonetsa zimene wina anasunga. Khasu lakale lija lili m'galasi chifukwa wina sanalitaye. Nanga za kwathu? Ubao umene agogo anu anaphunzirira alifu ndi bee uli kuti? Makalata a Chiswahili olembedwa m'zilembo za Chiarabu amene anali m'bokosi la malemu shehe wa m'mudzi mwanu, chiswe chasiyako? Mzikiti wakale wa zidina ukamagwetsedwa kuti pamangidwe wamakono, alipo amene amaujambula kaye? Akuluakulu amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Agogo akamwalira tisanawafunse, zimene ankadziwa zimapita nawo kumanda.

Chachinayi, goli lasintha maonekedwe koma silinathe. Lero achinyamata anzathu, makamaka atsikana, amanamizidwa ntchito zabwino kunja, akafika n'kulandidwa pasipoti. Ana ena akugwira ntchito m'minda m'malo mokhala m'kalasi. Malawi ali ndi lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu la mu 2015, koma lamulo silimva zimene zikukambidwa pa WhatsApp ya m'bale wanu. Inuyo ndi amene mumamva. Munthu amene waimapo kutsogolo kwa nkhani ya goli sayenera kukhala chete mlongo wake akamapatsidwa lonjezo lokayikitsa.

Chifukwa chake mupite pagulu

Zonsezi mukhoza kuwerenga pa foni, n'zoona. Koma funso la mlongo uja linatuluka chifukwa tinali limodzi, ndipo yankho linachokera kwa anthu angapo: wa mbiri anapereka zaka, wa ku madrasa anapereka chiphunzitso, wa ku Nkhotakota anafotokoza zimene amamva kwa akuluakulu kwawo. Mutu umodzi susenza denga. Komanso minibasi imakusakanizani ndi amayi a geni, azibambo opita kuntchito ndi ana asukulu, anthu a mitundu ndi zipembedzo zonse, zidzukulu za ogulitsa ndi ogulitsidwa zitapanikizana pampando umodzi. Mbiri imene mukukaiona ndi yawonso, choncho muzikaikamba mwaulemu.

Ntchito ya mwezi uno

1. Gulu lanu likonze ulendo. Amene muli kummwera, Chichiri ili pafupi. A ku Mangochi muli ndi myuziyamu ya Lake Malawi m'tauni momwemo, ndipo a kumpoto muli ndi za ku Mzuzu ndi ku Karonga. Funsiranitu nthawi yotsegulira ndi mtengo wolowera, ndipo munene kuti ndinu ophunzira.

2. Aliyense apite ndi kope, alembe funso limodzi limene chinthu china chamudzutsira. Mukakambirane mafunsowo tsiku lomwelo, musanabalalike.

3. Mukapita kumudzi patchuthi, khalani pansi ndi munthu wamkulu kwambiri wa pamzikiti panu. Mupempheni chilolezo chojambula mawu ake pa foni, ndipo mumufunse: Chisilamu chinafika bwanji m'mudzi muno? Anakuphunzitsani ndani, ndipo iyeyo anaphunzira kwa yani? Lembani mayina ndi malo monga akunenera.

Zimene mwapeza mudzatiuze pansipa, In shaa Allah, kuti wa ku Machinga aphunzire kwa wa ku Salima. Allah atipatse mtima wokonda choonadi ngakhale pamene chikutiwawa, awachitire chifundo onse amene anafera m'njira ya ku Kilwa, ndipo atiteteze kuti dzanja lathu lisapondereze munthu.

Wassalaam alaikum warahmatullah.