Mafunso ndi Mayankho: Msonkho wa Nyumba Zogona Alendo

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Lupembe, m'boma la Karonga. Ali ndi zipinda zitatu kufupi ndi msewu wa M1, mogona amalonda a mpunga. Akufunsa ngati iwonso akufunika laisensi.

Katswiri: Ikufunika, mayi. Mlendo akangolipira kuti agone, imeneyo ndi bizinesi. Pitani ku khonsolo ya Karonga mukatenge chilolezo cha bizinesi, ndipo laisensi ya malo ogona mukaifunse kwa a zokopa alendo. Musadikire kuti akupezeni.

Muulutsi: Achimwene ena akufunsa ngati aziwonjezera VAT pa mtengo wa chipinda.

Katswiri: Ayi, pokhapokha ngati a MRA anakulembetsani pa VAT. Kulipiritsa VAT musanalembetse ndi mlandu. Koma TPIN, nambala yanu ya msonkho, khalani nayo. Tipitirire.

Muulutsi: Iyi ndi ya bambo wina wa ku Lupembe komweko. Anaika nyumba yawo ya kufupi ndi nyanja pa intaneti. Kampani ya pa intanetiyo imadulako ndalama mlendo aliyense akalipira, ndiye iwo ankayesa kuti umenewo ndi msonkho. Atailembera kampaniyo, anangouzidwa kuti afunse a boma kwawo kuno. Akuti kodi sanaberedwe?

Katswiri: Apa ndiye mundilole ndichedwepo. Bambo, simunaberedwe ayi. Yomwe amadulayo ndi komishoni, malipiro awo chifukwa chokubweretserani mlendo. Zili ngati mnyamata wa pasiteji amene wadzazitsa minibasi: amalandira zake, koma za laisensi ya galimoto sizimukhudza. N'zoona kuti kwina, monga ku Paris, kampani ya Airbnb imatolera yokha msonkho wa alendo n'kukapereka ku boma la mzindawo. Musamve zimenezo n'kugona tulo. Nyumba ili ku Lupembe, ndipo amene a msonkho adzamugogodere ndi inuyo. Wokuyankhani pa intanetiyo ali kutali, Karonga sanaiwonepo, ndiye musataye mabandulo kulimbana naye.

Ndimanena sabata iliyonse, ndipo lero ndibwerezanso: msonkho wa zokopa alendo, uja wa 1 peresenti, si ndalama yanu. Wapereka ndi mlendo, inu mwangosungitsidwa. Mlendo akalipira K20,000, K200 ndi ya boma. Ikuoneka yochepa, eti? N'chifukwa chake ambiri mumaidya osazindikira. Mbuzi yosungitsa saiphera mlendo, abale anga.

Ndikukumbukira mkulu wina amene ndinacheza naye kumpoto komweko. Nyumba yaukhondo, zofunda zochapa bwino, alendo osasowa, makamaka opita kuchipata cha Songwe kukaoda katundu ku Tanzania. Nditamupempha buku la alendo, ananditulutsira kope la mwana wa sukulu, lolembedwa masamba awiri okha. Ndalama za chipinda, za nsomba, za fizi, zonse zinkalowa m'foni imodzi. Tsiku lomwe anafunsidwa kuti wapeza zingati pa chaka, anangogwira pakamwa. Ndinamva chisoni, chifukwa sanali wakuba. Anangonyozera kulemba.

Ndiye gulani buku lachikuto cholimba. Lembani tsiku, dzina la mlendo, wagona masiku angati, walipira zingati. Risiti iziperekedwa ngakhale mlendo asaifunse. Ngati ndalama yadzera pa intaneti, lembani mtengo wonse umene mlendo walipira, komishoni payokha, ndi yomwe yakufikani. Ya Airtel Money kapena Mpamba, tsegulani nambala ya bizinesi yokhayokha. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ndipo Karonga ili ndi choti mlendo adzaone. Nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004 ili ndi mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus, nyanja ili pakhomo, mpunga wa Kilombero aliyense akuudziwa. Ndalama ya 1 peresenti ija cholinga chake n'kutsatsa zimenezi kuti alendo achuluke. Mukaibisa, mukudzitsekera nokha.

Bambo a ku Lupembe, mawa lomweli tengani mapepala onse a malipiro a pa intanetiwo, mupite nawo ku ofesi ya MRA ndi kwa a zokopa alendo. Wopita yekha amamvedwa bwino kusiyana ndi wogwidwa.

Muulutsi: Nthawi yatithera. Makalata otsala tidzawerenga sabata yamawa.