Kuphwanya Nambala ndi Kompyuta: Momwe Mungapezere Ma Prime Factor

Aliyense amene anaphunzirapo masamu akukumbukira makwerero aja tinkajambula m'kope: nambala kumanja, mzere pakati, kumanzere 2, pansi pake 2 winanso, kenako 3, mpaka kutsale 1. Umo ndi momwe tinkapezera ma prime factor, manambala amene ukawachulukitsa amabweza nambala yoyamba ija, koma iwowo sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Njira imeneyi imayenda bwino pa 60 kapena 360. Koma atakupatsani 4294967297, kope likhoza kutha yankho lisanaoneke. Apa ndi pamene kompyuta imathandiza, chifukwa sitopa kugawa. Ntchito yanu ndi kuiphunzitsa makwerero aja, ndipo tichita zimenezi m'chilankhulo cha Python.

1. Yambani ndi pensulo

Musanayatse makina, phwanyani 360 pamanja. Gawani ndi 2: mupeza 180, kenako 90, kenako 45. Apa 2 wakana, chifukwa pakutsala 1. Pitani pa 3: mupeza 15, kenako 5. Nayenso 5 agawika ndi 5 yekha. Choncho 360 = 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5.

Onani malamulo awiri amene mwatsatira. Mwayambira pa nambala yaing'ono, ndipo simunachoke pa nambalayo mpaka itakaniratu. Pulogalamu yonse yagona pamenepa.

Dziwaninso kuti yankho ndi limodzi lokha. Euclid wa ku Alexandria anayala maziko a mfundoyi cha m'ma 300 BC, ndipo Carl Friedrich Gauss anaitsimikizira mokwanira mu 1801: nambala iliyonse yoposa 1 imaphwanyika mwa njira imodzi basi. Ngati pepala ndi kompyuta zasiyana, ndiye kuti penapake palakwika.

2. Pezani Python

Python ndi yaulere. Pa kompyuta mukhoza kuitenga pa python.org. Ngati muli ndi foni ya Android yokha, ikani Pydroid 3 kuchokera pa Play Store. Mukaiika, mapulogalamu ngati awa amayenda popanda intaneti.

3. Dziwani zizindikiro ziwiri

Chizindikiro cha `%` chimapereka chotsala mukagawa. Mukalemba `45 % 2` mupeza 1, pomwe `45 % 3` apereka 0. Chotsala chikakhala 0, ndiye kuti nambala yagawika ndendende.

Chizindikiro cha `//` chimagawa n'kupereka nambala yathunthu: `45 // 3` ndi 15. Musagwiritse ntchito `/` m'malo mwake. Chimenecho chimapereka 15.0, ndipo nambala ikakhala yaitali kuposa manambala 15 kapena 16, chimayamba kusokoneza a kumapeto mwakachetechete, osakuchenjezani.

4. Lembani pulogalamu

```
def phwanya(n):
    mayankho = []
    if n < 2:
        return mayankho
    while n % 2 == 0:
        mayankho.append(2)
        n = n // 2
    d = 3
    while d * d <= n:
        while n % d == 0:
            mayankho.append(d)
            n = n // d
        d = d + 2
    if n > 1:
        mayankho.append(n)
    return mayankho

nambala = int(input("Lembani nambala: "))
print(phwanya(nambala))
```

Samalani mipata ya kumayambiriro kwa mizere. Python imadziwa kuti mzere uli m'kati mwa unzake poona mipatayo, inayi pa sitepe iliyonse.

Tsopano tione zimene zikuchitika. `mayankho` ndi dengu loikamo ma prime factor amene tapeza. Mzere wa `if n < 2` ukutsekera kunja 1, 0 ndi manambala ochepera pamenepo. Musaudumphe: 0 amagawika ndi 2 mpaka kalekale, ndipo popanda mzerewu pulogalamu singaime. `while` woyamba akuchotsa ma 2 onse. Akatha, nambala yotsala singagawikenso ndi 4, 6 kapena 8, n'chifukwa chake `d` akuyambira pa 3 n'kumalumpha awiriawiri: 3, 5, 7, 9, 11. Kulumpha kumeneku kukuchepetsa ntchito ndi theka.

Wina afunsa kuti, nanga 9 kapena 15 sangalowe m'dengu, pomwe si manambala a prime? Sangalowe. Pofika pa 9, ma 3 onse achotsedwa kale, ndipo nambala yopanda 3 singagawike ndi 9. Chimodzimodzi 15: ma 3 ndi ma 5 anapita kale. Lamulo lija losachoka pa nambala isanakaniretu ndi limene likulondera pakhomo.

5. Mvetsani poimira

Mtima wa pulogalamuyi ndi `d * d <= n`. Ma factor amayenda awiriawiri: 91 ndi 7 × 13, wamng'ono ndi wamkulu. Onse awiri sangapose square root ya nambalayo (nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabweza nambalayo), chifukwa mukawachulukitsa angapitirire nambala yeniyeniyo. Ndiye mukafufuza mpaka pa square root osapeza wamng'onoyo, wamkulunso kulibe.

Tengani 1964, chaka chimene Malawi ndi Zambia analandira ufulu wodzilamulira. Pulogalamu ichotsa 2 kawiri, patsala 491. Iyesa 3, 5, 7 mpaka 21, onse akana. Pofika pa 23, 23 × 23 ndi 529, wapitirira 491, basi yaima. Yayesa kakhumi kokha m'malo moyenda mpaka 491. Apa ndi pamene `if n > 1` akugwira ntchito: chimene chatsala ndi prime, ndipo chiyenera kulowa m'dengu. Ambiri ongoyamba kumene amaiwala mzere umenewu, n'kumadabwa kuti 1964 ikuwapatsa 2 ndi 2 basi.

6. Iyeseni musanaikhulupirire

Yambani ndi manambala amene mukudziwa kale mayankho ake. 360 ipereke `[2, 2, 2, 3, 3, 5]`. 1964 ipereke `[2, 2, 491]`. 97 ibweze `[97]`, chifukwa ndi prime. 49 ipereke `[7, 7]`; ngati yabweza `[49]`, mwalemba `<` pamalo pa `<=`. 1 ndi 0 zipereke dengu lopanda kanthu. Yankho likakhala lolakwika, musafufute zonse. Tengani pepala, tsatirani mzere ndi mzere, mukulemba mtengo wa `n` ndi `d` pa sitepe iliyonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako lembani 4294967297 uja. Pierre de Fermat ankakhulupirira kuti nambala imeneyi ndi prime, mpaka Leonhard Euler anasonyeza mu 1732 kuti ndi 641 × 6700417. Foni yanu ipeza zomwezo m'kanthawi kochepa, itayesa pafupifupi ka 1,300.

7. Igwiritseni ntchito

Ma prime factor ndiwo khomo la HCF (nambala yaikulu kwambiri imene imagawa manambala awiri ndendende) ndi LCM (nambala yaing'ono kwambiri imene imagawika ndi onse awiriwo). Phwanyani 84, mupeza 2 × 2 × 3 × 7. Amene akupezeka ku 84 ndi ku 360 komwe ndi 2, 2 ndi 3, choncho HCF ndi 12. Chulukitsani 360 ndi 84, gawani ndi 12, mupeza LCM: 2520. Wophunzira ayambe wawerengera yekha, kenako kompyuta imuchongere.

8. Dziwani malire ake

Mu 1903, ku New York, Frank Nelson Cole anasonyeza pa bolodi kuti 147573952589676412927 ndi 193707721 × 761838257287. Akuti ntchitoyi inamudyera masiku a Lamulungu a zaka zitatu. Pulogalamu yathu ikhoza kuimaliza, koma iyenera kuyesa pafupifupi ka 97 miliyoni, ndiye muidikire pang'ono.

Nambala ikatalika kwambiri, njirayi imagonja. Akatswiri ali ndi njira zachangu, monga ya rho imene John Pollard anafalitsa mu 1975, komabe nazonso zili ndi pothera. Kuvuta kumeneku ndiko maziko a RSA, njira yobisira mauthenga imene Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anatulukira mu 1977 ku MIT, ndipo ikutetezabe mauthenga ambiri a pa intaneti. Kuchulukitsa ma prime awiri akuluakulu n'kosavuta. Kuwapezanso kuchokera pa yankho ndiye phiri. Mu 2020 ofufuza anaphwanya RSA-250, nambala yotalika manambala 250, pogwiritsa ntchito makompyuta ambirimbiri pamodzi. Makiyi a RSA ofala masiku ano ndi otalika manambala 617.

Choncho musaderere mizere yochepa mwalembayi. Ilembeni ndi zala zanu, osangokopera. Iyeseni ndi chaka chimene munabadwa, chotsanimo mzere umodzi muone chimene chisokonekere, kenako muubwezeretse. Tsiku limene mudzathe kufotokozera mnzanu chifukwa chake pulogalamuyi imaima pa `d * d`, mudzakhala mutaidziwadi.